Khomo Lachitatu

Lamlungu, 2 Malichi

Mkazi wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino nonse, iwe, mwana ndi alamu. Ine kuno ndili bwino, m'thupi mulibe polakwika.

Ndikudziwa kuti Lamlungu lapitali unakhala pakhonde ndi foni mpaka dzuwa kupendeka. Usakwiye. Sindinaledzere, sindinaiwale, ndipo foni sindinagulitse monga alamu angakuuzire. Intaneti ndiyo yatithawa kuno kunyumba za antchito.

Nkhani yake ili chonchi. Mwana wa abwana, amene timamutcha Magalasi, wabwera kuchokera kutauni ndi kabokosi kakuda, kukula kwake ngati buledi. Akuti ndi fayawolo. Nditamufunsa ntchito yake, anati ndi mlonda wa pageti, chilichonse cholowa kapena kutuluka pa intaneti ya pafamu pano chizidzera kwa iye. Kale tinkagwira wayifayi ya kunyumba yaikulu pansi pa mtengo wa kuseri kwa khitchini, anthu khumi ndi anayi kukanganirana kamthunzi kamodzi. Abwana anatopa nafe, akuti tinkawathera liwiro. Ndiye Magalasi akuti atipatsa yathuyathu, yofika mpaka m'zipinda. Kabokosiko kali ndi makomo olowetsamo waya. Loyamba ndi lochokera kunja, lachiwiri ndi la kunyumba yaikulu, lachitatu ndi lathu. Atangokalumikiza, ya pansi pa mtengo ija anaitseka ndi pasiwedi yatsopano, yathuyo n'kukana kugwira. Tataya nkhwangwa ndi mpini womwe.

Anzanga sakudandaula kwenikweni. Famuyi ili m'chigwa, netiweki ya foni kulibe, koma ukakwera pachitunda pamene pali thanki ya madzi kamzere kamodzi kamabwera, munthu n'kuimba foni ya mawu. Nanga ine ndi iwe foni ya mawu itithandiza chiyani? Iwe umamva ndi maso, umalankhula ndi manja, ndipo kamzere kamodzi vidiyo sikanyamula. Kauthenga kolemba ndingatumize, koma ndikudziwa udani wako ndi zilembo, mawu akapitirira khumi umangopereka foni kwa mng'ono wako. Ndiye ndati bola pepala lokwana zonse, a dalaivala a thiraki azikubweretserani akamadutsa kumeneko.

Tsono inu alamu, poti ndinu muziwerenga ndi kumumasulira m'manja mkulu wanuyu, musadumphe mzere, musathire mchere. Ndimakudziwani. Ndikanena kuti ndamusowa, musangogunda pamtima kamodzi n'kupitirira. Muchite bwinobwino ndi nkhope yomwe, ngakhale manyazi akugwireni.

Ndatumiza nsapato za mwana. Zikamukulira azivala ndi masokosi awiri, phazi lizipeza m'njira. Chitseko cha khola la mbuzi musamachimange ndi chingwe, uzani akalipentala aike mahinjesi, ndalama yake ili mu envulopumu. Nyale ya sola muziiika padzuwa tsiku lililonse, ndisadzaimbe n'kupeza manja ako ali mumdima.

Magalasi akuti Loweruka zonse zitheka. Ukonzeke, ndili ndi nkhani za masabata awiri.

Ndine mwamuna wako.

Lamlungu, 16 Malichi

Mkazi wanga,

Moni nonse. Kalata yanu ndalandira. Ndaiwerenga katatu, kachinayi anandilanda Mkonono, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, akuti ndiiboola ndi maso. Ndakondwa kumva kuti muli bwino ndi kuti dzino la mwana laguluka lokha popanda ulusi. Inenso ndili bwino.

Maloweruka awiri adutsa, intaneti zii. Magalasi amabwera Loweruka lokha, masiku ena amakhala kuntchito kwake kutauni, ndiye chinthu chikakanika madzulo a Loweruka basi, tionana sabata yamawa. Sabata yatha anati vuto ndi waya. Khomo lililonse pakabokosipo lili ndi kanyale kake. Ta khomo loyamba ndi lachiwiri tikuphethira, kathu kali duu. Tinafukula ngalande yonse imene tinakwiriramo wayayo, kuchokera kunyumba yaikulu mpaka kwathu, kufunafuna pamene thalakitala inaponda. Waya tinamupeza wabwinobwino. Misana yathu yokha ndiyo inathyoka.

Dzulo ndiye zinadziwika. Kumapeto kwa wayayo kuli kamutu ka pulasitiki, m'kati mwake muli tiwaya tisanu ndi titatu tamitundumitundu, ndipo tili ndi dongosolo lake londandalikira. Magalasi anali atasinthanitsa tiwiri. Anayesa kukonza katatu, koma zala zake ndi zonenepa ngati nthochi, tiwayato tinkangomuthawa. Ndinati, "Bwana, tandipatsani ndiyeseko." Anandionetsa chithunzi cha mitunduyo, ndinandandalika kamodzi kokha, iye n'kufinya ndi pulayala yake, kanyale kathu n'kuyaka kobiriwira. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi akewo, akuti, "Zala zimenezi munaphunzira kuti?" Ndinati, "Kwa mayi akunyumba, zaka zisanu ndi zinayi, ndipo mphunzitsi wake ndi wolusa."

Tinathamangira kuzipinda tonse, ena opanda nsapato. Foni ikuiona wayifayi, mizere yonse yodzaza, ikulumikiza bwinobwino, kenako n'kulemba pansi pake kuti intaneti palibe. Mkonono akuti zili ngati kukwera basi yopanda injini, mpando wawofuwofu koma ulendo palibe.

Ndakusowa, mayi a mwana. Lachinayi Mkonono anandipeza m'khola ndikuiuza ng'ombe ndi manja za mvula imene inagwa. Ankayesa ndikuthamangitsa ntchentche. Manja akundiyabwa. Kuno ndimalankhula ndi pakamwa tsiku lonse, koma likamatha ndimamva ngati sindinanene kanthu.

Alamu, mwalemba kuti iye akuti "ali bwino." Mkazi wanga sananenepo mawu awiri okha chiyambire kumudziwa. Enawo mwaika kuti?

A kapitawo andichotsa kumunda, andiika pa makina odulira udzu wa ng'ombe poti amene anali pamenepo anasiya ntchito. Malipiro akwerako pang'ono. Makinawo ndi akale, chivindikiro cha pampeni anachichotsa kalekale, akuti chimachedwetsa ntchito. Usade nkhawa, ndimasamala. Kangachepe kali m'katimu ugule malata awiri a pakhitchini, akudonthawo uwaike pakhola.

Mwamuna wako wokukonda.

Lamlungu, 6 Epulo

Mkazi wanga,

Usadabwe ndi zilembozi. Akulemba ndi Mkonono, ine ndikungonena. Ndinadzipweteka pang'ono dzanja lamanja pa makina aja, adokotala analimanga, ndiye cholembera sichikugwirika. Ndinagona kuchipatala masiku asanu, n'chifukwa chake a dalaivala anadutsa opanda kalata. Tsopano ndatuluka, ndikudya, ndikuyenda. Kaya inu kumeneko muli bwanji?

Tangoganiza, mawu anga tsopano akudzera kwa Mkonono, achoke apo adzere kwa alamu, kenako afike kwa iwe. Akamafika adzakhala atatha ngati sopo wobwerekana. Zenizeni zimene ndikufuna kukuuza sindinganene munthu woliza mkonono ali pano ndi cholembera kukamwa.

(Ine wolembane ndikukana, sindiliza mkonono, ndi mphuno chabe.)

Za intaneti ndamva kwa anzanga, poti Loweruka lija ndinali pabedi la chipatala. Akuti Magalasi anapeza kuti kabokosi kaja kamayenera kupatsa foni iliyonse nambala yake, ngati nambala ya nyumba, kuti zochokera kunja zidziwe kofikira. Pakhomo lachitatu anali asanayatse zopereka manambalazo. Wayatsa. Tsopano aliyense ali ndi yake, yanga ikuthera ndi 23. Nambala tili nayo, kanyale kakuyaka, foni ikulumikiza, intaneti palibe. Anthu ayamba kumutcha Magalasi kuti Sabata Yamawa, koma osati iye akumva.

Abwana anabwera kuchipatala kamodzi, anandibweretsera malalanje. Chivindikiro chija anachibwezeretsa pa makina m'mawa mwake momwemo. Chinali m'shedi nthawi yonseyi. Za zimenezi tidzakamba.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse ngakhale wina abwere ndi mtengo wokoma, ili ndi bere. Mwana muuzeni kuti bambo ake aona chithunzi cha basi chimene anajambula, ndachimata pakhoma pamwamba pa bedi. Mwezi uno sinditumiza zambiri, mupirire.

Usalire. Si kanthu.

Mwamuna wako.

Alamu ake, ndine Mkonono. Izi ndawonjezera iye atapita kukamwa mankhwala, sakudziwa. Si pang'ono ayi. Zala ziwiri zapita, cha mkombaphala ndi chapakati. Munthuyu ululu sakulira, akungofunsa aliyense, ndi anamwino omwe, kuti munthu wa zala zitatu angalankhule bwanji ndi manja. Ine zamanjazi sindizidziwa. Inu muone mmene mungawauzire mayiwo, koma ine kubisa ndalephera. Akadziwa kuti ndalemba andipha, komabe ndi dzanja limodzi sandigwira.

Lamlungu, 20 Epulo

Mkazi wanga wapamtima,

Moni. Zilembo zokhotakhotazi ndi zanga, dzanja lamanzere lalowa sukulu. Mwana akaziona aseke, ndamulola. Ndili bwino, bandeji akusintha Lachiwiri ndi Lachisanu. Ndamva kuti mwanayo chifuwa chinamugwira koma wachira. Zikomo alamu pothamanga naye kuchipatala.

Mwafunsa kawiri m'kalata imodzi kuti dzanja lili bwanji. Lili bwino. Likupola.

Poti zolemera sindinyamula, a kapitawo andipatsa tintchito ta apa ndi apo, kutsegula mipopi, kusesa m'shedi, kuthira mankhwala m'zomwera za ng'ombe. Loweruka ndimakhala wa Magalasi. Iye amakhala m'kaofesi ka m'nyumba yaikulu ndi laputopu, ine ndimayenda pakati. Akasintha kanthu ndimapita kuzipinda zathu ndi foni kukaona ngati zasintha, n'kubwerera kudzanena kuti sizinasinthe. Dzulo ndinayenda maulendo khumi ndi limodzi. Agalu a abwana asiya kundiuwa, akungondimvera chisoni.

Magalasi wandiphunzitsa chinthu china, akuti ping'i. Ndi kugogoda pakhomo basi: umalemba nambala ya malo ena, n'kudikira ngati ayankhe. Akagogoda ali kunyumba yaikulu, kulikonse padziko amayankha msangamsanga. Tinapita ndi laputopu kuchipinda kwathu, tinakhala pabedi la Mkonono, n'kugogoda. Kunja sikuyankha. Ngakhale kabokosi komweko, kamene katipatsa manambala, sikayankha. Magalasi anazimitsa n'kuyatsanso chilichonse chokhala ndi pulagi. Anasintha kachipangizo kowulutsa wayifayi kamene kali pakhonde lathu, kumaganiza kuti n'kowonongeka. Anaimbira a kampani ya intaneti, iwo akuti kumbali kwawo zonse zili bwino. Anakhala pansi n'kugwira mutu.

Si munthu woipa. Anandifotokozera kuti khomo latsopano pa fayawolo limabadwa lotseka, chimene sichinaloledwe ndi lamulo lolembedwa ndiye kuti chakanidwa. "Koma lamulo lokulolani ndinalemba tsiku loyamba lomwe," akutero. "Lilipo, ndaliona kakhumi." Ndinamufunsa ngati sangatibwereke kaye pasiwedi ya kunyumba yaikulu Lamlungu lokha. Anayang'ana chitseko cha kuchipinda kwa bambo ake, n'kunena kuti zimenezo n'zovuta.

Abwana andipatsa pepala loti ndisayine za ngozi ija. Ndati ndiyambe ndaliwerenga bwino. Lili pansi pa matiresi. Kontirakiti ikutha mu Juni, ndipo nditafunsa a kapitawo za chaka chamawa anayang'ana bandeji, akuti tidzaona.

Masiku ano ndimakumbukira zakale kwambiri. Mmene unkandimenyera manja ndikalakwitsa mawu, tili pakhonde la shopu yako yosokera. Tsiku lija la msonkhano wa makolo kusukulu, iwe mbali iyi ya holo ine mbali inayo, tikuwanena miseche aphunzitsi aakulu iwo ali pakati pathu osadziwa kanthu. Ndinatsala pang'ono kufa ndi chiseko. Chibadwire sindinakhalepo ndi chinthu chokhala changa ndi munthu mmodzi yekha ngati chimenecho, ndipo ndikuopa kuti chingatayike. Alamu, mzere umenewu mumasulire wonse.

Mahinjesi aja aikidwa?

Ndine wako.

Lamlungu, 4 Meyi

Mkazi wanga,

Moni kwa nonse. Ndili bwino. Ndakondwa kuti mbuzi yaswa awiri. Mwana atchule mayina yekha, koma asatchule dzina langa monga anachitira ndi tambala uja.

Vuto lapezeka, ndipo ukamva amene walipeza useka.

Dzulo Magalasi anafika atatopa kale. Anati tione tsamba limene fayawolo imalembamo onse amene yawakana. Anatsegula. Mizere yofiira yokhayokha, ikutsika osaima ngati linthumbu. Mzere uliwonse uli ndi nthawi, khomo, ndi nambala ya wokanidwayo. Onse a khomo lachitatu. Analoza pagalasi, akuti, "Iyi ya 23 ndi ya ndani? Siikupuma." Ndinati ndi yanga. Foni ili phee m'thumba mwanga, koma ikungogogodabe yokha, kukanidwa, kugogodanso. Ndinaona ya Mkonono, ya amayi ophika, ya mdala wa pageti, mafoni khumi ndi anayi onse akufuna kwawo.

Magalasi akuti, "Sizikumveka. Lamulo likuti alole, iye akukana."

Ndinati, "Bwana, ine sukulu yanuyi sindinaphunzire. Tandiwerengerani lamulolo m'mawu oti munthu n'kumva."

Anapumira m'mwamba, n'kuwerenga ndi chala. "Pakhomo lachitatu, lolani kutuluka onse ochokera ku netiweki ya kunyumba yaikulu."

"Tabwerezani."

Anabwereza.

Ndinati, "Nanga wa kunyumba yaikulu angadzere pakhomo lathu kudzatani? Iwo si ali ndi khomo lawo?"

Anavula magalasi, anawapukuta ndi shati, anavalanso, n'kutukwana mawu amene sindingawapatse alamu kuti amasulire. Tsiku loyamba lija, pofuna kufulumira, anangokopera lamulo la khomo lachiwiri n'kuliika palachitatu, osasintha pamene palembedwa oyenera kudutsa. Ndiye mlonda uja sanalakwe. Waima pakhomo la antchito masabata khumi kudikira anthu a kunyumba yaikulu, ife tikafika n'kumatibweza chifukwa pa pepala lake sitilipo. Tinafukula ngalande, tinasintha zipangizo, ndinathera nsapato m'njira, chifukwa cha mawu awiri.

Magalasi anandigwira paphewa, akuti akawauza bambo ake kuti ndine ndapeza. Kaya zithandiza mu Juni, kaya.

Tsono akuti asintha Loweruka likubwerali. Akufuna ayambe wasunga zakalezo penapake kuti asawononge za kunyumba yaikulu. Ndiye tidikire pang'ono. Usavutike n'kuimba, siigwira. Mwina ngakhale Loweruka lomwelo sizitheka, ukumudziwa kale Sabata Yamawa.

Kwayamba kuzizira m'mawa. Juzi imene unandilukira ndikuvala tsiku lililonse, mkono wamanja ndaupinda chifukwa cha bandeji. Ndaika nsalu ya buluu m'phukusimu, mamita atatu. Usasokere kasitomala, udzisokere wekha.

Mwamuna wako.

Lachiwiri, 13 Meyi

Mkazi wanga,

A dalaivala abwera msanga ulendo uno, akudikira panja injini ikulira, ndiye moni wake ndi wachidule. Ndili moyo. Ndikhulupirira nanunso.

Ndinakunamiza. Magalasi anakonza Loweruka lomwe lija, ine ndili chiimire pambali pake. Sizinatenge ngakhale mphindi ziwiri. Mizere yofiira inaima, ndipo tisanatuluke m'kaofesimo tinamva nthungululu kuzipinda kwathu. Nditafika ndinapeza aliyense ali pakhomo pake ndi foni kumaso. Mkonono, chimunthu chonse chija, akulira ngati mwana poona khanda lake likukwawa. Ine ndinalowa m'chipinda n'kuzimitsa wayifayi pafoni yanga.

Dzana ndinayatsa. Ndinapeza kuti unaimba maulendo khumi ndi asanu ndi anayi. Ndili chigwirire inaliranso, chithunzi chako chili pagalasi, chija unavala duku lachikasu. Ndinangoyang'ana mpaka inasiya.

Mkonono anaona. Anandilalatira, kenako n'kuulula zimene anawonjezera pansi pa kalata ya mu Epulo. Sindikumulankhula mpaka lero, ngakhale tiyi akundipangirabe. Ndiye unadziwa kalekale. Unadziwa, n'kumangofunsa kawiri kuti lili bwanji, kudikira kuti ndinene ndekha. Chabwino, ndikunena. Zala ziwiri za dzanja lamanja palibe, cha mkombaphala ndi chapakati. Bandeji anachotsa Lachisanu. Chilonda chapola bwino, koma maonekedwe ake si abwino.

Ululu si umene unanditsekera foni. Pali kachidutswa ka galasi kubafa kwathu. Ndakhala ndikuima pamenepo anzanga akapita kuntchito, kuyesa kulankhula nawe. Mawu ambiri akutuluka oduka. Ngakhale kukuloza kuti "iwe" dzanjali silingathe. Lamanzere likuyesetsa, koma ndi lochedwa ngati zilembo ukuzionazi, ndipo likumasokoneza mbali. Ndimadziyang'ana ine mwini osamva chimene ndanena.

Chimene ndikuopa ndi ichi. Ndiimbe, ndikweze manja, iwe uyang'ane, ukwinye nkhope, kenako utembenuke kuitana mng'ono wako kuti adzamve mawu a pakamwa panga akumasulire. Masabata onsewa ndimalira kuti waya watilekanitsa. Waya wakonzedwa, ndipo ndikuopa kuti pakati pathu padzakhalabe munthu mpaka kalekale.

Kalatayi ifika Lachisanu. Lamlungu, 3 koloko masana, ndiimba. Ndalumbira. Ukhale pakhonde poyera bwino.

Alamu, mwandigwirira ntchito yaikulu, ndipo mchere simunathire wambiri. Koma Lamlungu mutenge mwana mupite naye kokayenda. Musabwere msanga.

Mwamuna wako wamantha.

Lolemba, 19 Meyi

Mkazi wanga,

Alamu, iyi musamasulire. Mupatseni awerenge yekha, ngakhale zimutengere masiku awiri. Ndalemba mawu aafupi.

Moni. Ndili bwino. Lero ndi zoona.

Dzulo tinaonana pafoni. Zambiri sindinanene. Ndinena pano.

Nsalu ya buluu yakukhala. Waonda. Uzidya.

Unati, kweza dzanja. Ndinakweza. Pomwepo chithunzi chinaima. Nkhope yako inali duu, osaphethira. Ndinati basi, zatha. Koma inali intaneti chabe. Itabwerera unali utayandikira, mphuno pagalasi, ukuliyang'ana mbali zonse ngati nsalu ya kasitomala.

Ndinayesa kunena za ng'ombe. Sunamve. Unati bwereza. Ndinabwereza. Unati bwerezanso. Ndinkayang'ana khosi lako, kudikira kuti litembenuke. Silinatembenuke. Kachinayi unamva, n'kuseka mpaka foni kugwa pansi. Ndinaona denga la khonde lokha likugwedezeka. Utaitola unati ndayamba chibwibwi. Mkonono anasuzumira pazenera kuti aone chimene ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi. Ndinamuponyera nsapato. Ine ndi iye tayambanso kulankhulana.

Kenako unapinda zala zako ziwiri. Sunanene chifukwa. Unangoyamba nkhani. Za mbuzi. Za malata. Za mayi uja safuna kutenga diresi yake. Ola lathunthu, zala zitatu. Mawu ena unawapezera njira yatsopano, n'kuwachita pang'onopang'ono kuti ndione. Ndinaona. Ndinamva onse. M'mawa uno ndawayesa pagalasi la kubafa. Akutheka.

Za Juni sindikudziwa. Pepala lija sindinasayine. Ndikuuza Lamlungu, ndi manja.

Ndili ndi pempho limodzi. Ndikudziwa chifukwa chake unapinda zala, ndipo sindidzaiwala. Koma zako zilipo zisanu. Lamlungu uzitambasule zonse. Miyezi itatu sindinazione, ndazisowa.

Ndine mwamuna wako.